Mafunso a Owerenga: Amamva Ndani, Ndipo Tingadziwe Bwanji?

Makalata amene tawasankha m'kope lino anachokera kwa anthu osadziwana, koma onse akukhudza nkhani imodzi, yomwe ndi ya kuzindikira, kutanthauza kumva kumene munthu amamva m'kati mwake akakhala maso, pamodzi ndi zimene kumvako kumatikakamiza kuchitira ena. Makalatawo tawafupikitsa popanda kusintha mfundo zake, ndipo maina a olemba tawasiya monga mwa nthawi zonse.

Funso: Akonzi, ine ndine wophunzira wa sayansi, ndipo aphunzitsi athu anatifotokozera mmene maselo a mu ubongo amatumizirana mauthenga. Ngati zimenezi zikudziwika, n'chifukwa chiyani akatswiri a filosofi amanenabe kuti kuzindikira ndi chinsinsi? Kodi sakungoteteza ntchito yawo?

Yankho: Aphunzitsi anu sanakunamizeni. Ubongo wa munthu uli ndi maselo otumiza mauthenga pafupifupi 86 biliyoni, ndipo asayansi akhoza kulondola njira imene uthenga umadutsa kuchokera pa chala chimene chapsa, kudzera mu msana, mpaka kukafika ku zigawo za ubongo zimene zimatakataka munthu akamva ululu. Koma taonani bwino chimene kulondolako kwafotokoza. Kwafotokoza chifukwa chimene dzanja limathawira moto, chifukwa chimene munthu amakuwira, ndiponso chifukwa chimene mawa adzasamalira akayandikira moto. Chimene chatsala n'chakuti, nanga n'chifukwa chiyani zonsezi zimapweteka? Impso zimasefa magazi usana ndi usiku mwini wake osamva kanthu, tsono n'chiyani chikuletsa ubongo kugwira ntchito yake mwa njira yomweyo? David Chalmers, katswiri wa filosofi wa ku Australia, anatcha limeneli kuti funso lovuta m'nkhani yake ya mu 1995, ndipo mafunso ena onse okhudza kagwiridwe ntchito ka ubongo anawatcha osavuta, osati chifukwa chakuti anayankhidwa kale, koma chifukwa chakuti njira yowayankhira ikudziwika.

Mu 1974, Thomas Nagel, katswiri wa filosofi wa ku America, anali atafika kale pa mfundo yomweyi poganizira za mleme. Mileme yambiri imayenda usiku potulutsa timawu tosamveka m'makutu a munthu ndi kumvetsera mmene timawuto tikubwererera tikagunda khoma kapena kachilombo. Nagel anati ngakhale titauyeza ubongo wa mleme mpaka selo lomaliza, sitingadziwe kuti kukhala mleme kumamveka bwanji kwa mleme mwini wake, ndipo tikayesa kuyerekeza timangofika poganiza za munthu wolendewera chadodolido mumdima, amene akadali munthu ndithu.

Musaganize kuti awa ndi maganizo a anthu amene sanalowepo mu labotale. M'zaka za m'ma 1970, Lawrence Weiskrantz wa pa yunivesite ya Oxford anafufuza wodwala amene madokotala anamuchotsa kachigawo ka kumbuyo kwa ubongo kothandiza kuona. Wodwalayo ankanenetsa kuti mbali imodzi saona chilichonse, koma akamuumiriza kuti angolosera kumene kuli kadontho ka kuwala, ankaloza malo olondola kawirikawiri kuposa mmene munthu wongolosera angachitire. Ubongo wake unkalandira uthenga ndi kuugwiritsa ntchito, koma iye mwini sankaona. Apa sayansi yeniyeniyo ndiyo inaonetsa kuti ntchito ndi kumva zikhoza kupatukana.

Si onse amavomereza kuti pali chinsinsi. Daniel Dennett, katswiri wina wa filosofi amene anamwalira mu 2024, anatsutsa maganizo amenewa kwa zaka zambiri, ndipo ankakumbutsa anzake kuti kale anthu ophunzira ankati moyo sungafotokozedwe popanda mphamvu ina yobisika, koma zochitika za m'maselo zitadziwika bwino funsolo linangotha lokha. Mfundo yakeyo ndi yolemera, komabe ine siyindikhutiritsa kwathunthu, chifukwa zizindikiro za moyo, monga kukula, kupuma ndi kubereka, zonse ndi ntchito zooneka kuchokera kunja, pamene ululu umadziwika ndi amene akuumva. Kaya wolondola ndani, mpaka lero palibe chipangizo choyezera kumva mwachindunji. Akuluakulu anati mtima wa mnzako ndi tsidya lina, ndipo makina ojambula ubongo amangotionetsa utsi wa kutsidyako, moto wake osauona. Makalata otsatirawa onse akuchokera pa vuto limeneli.

Funso: Akonzi, mlongo wanga anachita ngozi ya pamsewu ndipo patha miyezi ali chigonere. Maso amatsegula, koma sayankhula ndipo satsatira chilichonse chimene timuuza. Ine ndimakhala naye pafupi n'kumamulankhula, koma achibale ena akuti ndikungotaya nthawi, mpaka ena amakambirana za katundu wake ali pambali pa bedi lomwelo. Kodi iye amamva? Nanga ngati samva, ndikulakwitsa kumutenga ngati akumva?

Yankho: Pepani kwambiri mayi ndi zimene zagwera banja lanu. Za mlongo wanuyo angaweruze ndi madokotala amene akumuyeza, osati ine amene ndili kutali, koma ndikhoza kukufotokozerani zimene zikudziwika za odwala a mtundu umenewu, ndipo muona kuti simukutaya nthawi.

Choyamba, kusayankha kuli mitundu ingapo imene anthu amaisokoneza. Pali chikomokere chenicheni, pamene maso amakhala otseka ndipo wodwala sadzuka ngakhale atagwedezedwa. Kawirikawiri chimenechi sichipitirira milungu yochepa. Pali wodwala amene amatsegula maso, amagona ndi kudzuka, koma saonetsa chizindikiro chilichonse chakuti akudziwa zimene zikumuchitikira. Pali winanso amene amaonetsa tizizindikiro tochepa tobwera ndi kupita, monga kutsatira ndi maso munthu amene akudutsa, ndipo madokotala anayamba kumuika m'gulu lakelake mu 2002. Ndiye pali amene maganizo ake ndi athunthu koma thupi lonse lafa ziwalo kupatula maso, monga zinachitikira Jean-Dominique Bauby, mkonzi wa magazini wa ku France, amene atadwala sitiroko mu 1995 analemba buku lonse pophethira diso lakumanzere, chilembo chimodzichimodzi. Zonsezi n'zosiyana ndi imfa ya ubongo, pamene ubongo wasiyiratu kugwira ntchito ndipo munthu sangapume popanda makina.

Kusiyanitsa magulu amenewa pongoyang'ana n'kovuta kwambiri. Kafukufuku wa ku London wa mu 1996 ndi wina wa ku Belgium wa mu 2009 onse anapeza kuti mwa odwala amene ankanenedwa kuti sakuzindikira chilichonse, pafupifupi 4 mwa 10 alionse anali ndi zizindikiro za kuzindikira atayezedwa mosamala ndiponso mobwerezabwereza. Ena mwa iwo anali ndi vuto la maso, choncho sakanatha kutsatira chala cha dokotala ngakhale akanafuna.

Mu 2006, Adrian Owen ndi anzake ku Cambridge anachita chinthu chimene chinasintha nkhani yonseyi. Anaika m'makina ojambula ubongo, otchedwa fMRI, mtsikana wa zaka 23 amene anavulala pa ngozi ya pamsewu ndipo sankayankha konse. Anamupempha kuti ayerekeze kuti akusewera tenisi, ndipo chigawo cha ubongo chokonzekera kuyendetsa thupi chinatakataka monga chimachitira mwa munthu wabwinobwino. Atamupempha kuti ayerekeze kuti akuyendayenda m'zipinda za nyumba yake, zigawo zina zokhudza malo ndizo zinatakataka. Mtsikanayo anamva mawuwo, anawamvetsa, ndipo anachita zimene anapemphedwa, thupi lake lili zii. Kafukufuku wamkulu amene anasindikizidwa mu 2024 m'magazini ya zachipatala ya New England Journal of Medicine anayeza odwala 241 osatsatira malangizo alionse pabedi, ndipo 60 mwa iwo, kutanthauza mmodzi mwa anayi alionse, ubongo wawo unayankha motere.

Ndiyenera kunena chilungamo kuti chiwerengero chomwechi chikutanthauzanso kuti atatu mwa anayi sanaonetse kanthu, ndipo sindikufuna kukupatsani chiyembekezo chimene sindingathe kuchitsimikiza. Koma m'kafukufuku yemweyo munali odwala ena 112 amene ankatha kutsatira malangizo pabedi, anthu oti kuzindikira kwawo palibe ankakukayikira, ndipo mwa iwo makina anapeza yankho mwa 43 okha. Choncho makina akaonetsa yankho, ndi umboni wamphamvu wakuti munthu akumva, koma akapanda kuonetsa, si umboni wakuti sakumva.

Tsopano tifike pa funso lanu lachiwiri, limene ndi la chabwino ndi choipa. Munthu akakhala kuti sakudziwa zoona zake koma ayenera kuchitabe kanthu, nzeru ndi kuyerekeza zolakwa ziwiri zimene angachite ndi kuona yolemera kwambiri. Mukamulankhula mlongo wanu iye asakumva, mwataya mawu ochepa basi. Achibale akamagawana katundu wake pambali pa bedi iye akumva, osatha kutsegula pakamwa kapena kutembenuka, amuchitira nkhanza imene sangathe kuibweza. Zolakwa ziwirizi sizilingana m'pang'ono pomwe. N'chifukwa chake anamwino odziwa ntchito yawo amamuuza wodwala wotere chimene akufuna kumuchita asanamugwire, ndipo nkhani zolemetsa amazikambira panja. Pa chifukwa chomwecho, n'koyenera kufunsa madokotala za mankhwala opha ululu, ndi kuwauza chilichonse chimene mwaona mobwerezabwereza, monga maso kutembenukira kumene kukuchokera mawu anu, popeza inu mumakhala naye nthawi yaitali kuposa iwo.

Ndipo ngakhale zitadziwika kuti sakumva konse, ulemu wake sunathe. Katswiri wa filosofi Ifeanyi Menkiti wa ku Nigeria analemba mu 1984 kuti munthu amafika pokhala munthu weniweni kudzera m'kukhala pakati pa anzake ndi kusenza maudindo ake, pamene Kwame Gyekye wa ku Ghana anamutsutsa ponena kuti munthu ali ndi ulemerero wake wobadwa nawo umene gulu silingamupatse kapena kumulanda. Anthu awiriwa anasiyana pa zambiri, koma pa nkhani yanu maganizo awo akufika malo amodzi: ngati Gyekye akulondola, mlongo wanu akadali munthu wathunthu, ndipo ngati Menkiti akulondola, inu amene mukumuitanabe ndi dzina lake ndinu mukumusungira malo ake pakati pa anthu. Chokhacho ndisakubiseni n'chakuti kudziwa kuti wodwala akumva sikuyankha pakokha funso lakuti chithandizo chipitirire mpaka liti. Limenelo limafuna kukumbukira zimene mwini wake ankanena ali bwino, ndi kukambirana ndi madokotala modekha.

Funso: Akonzi, tinatsutsana ndi mnzanga. Iye akuti nyama zing'onozing'ono monga nsomba ndi nkhanu zili ngati makina, zimangophiriphitha popanda kumva ululu. Zoona n'ziti?

Yankho: Mnzanuyo bambo sali yekha, ndipo maganizo akewo ndi akale. René Descartes, katswiri wa filosofi wa ku France, analemba mu 1637 kuti nyama ndi makina opangidwa mwaluso, ndipo umboni wake waukulu unali chilankhulo: anati munthu ngakhale wopepera bwanji amatha kulumikiza mawu kuti afotokoze maganizo ake, pamene palibe nyama imene imatero, ndipo mbalame zotengera mawu a anthu zimangowatchula popanda kudziwa chimene zikunena. Jeremy Bentham, katswiri wa filosofi wa ku England, anayankha mu 1789 ndi mawu amene akutchulidwabe mpaka pano, akuti funso si lakuti kodi nyamazo zimaganiza kapena zimalankhula, koma lakuti kodi zikhoza kuvutika.

Kuti muone kuopsa koyesa kumva ndi chilankhulo, ganizirani za makanda a anthu. Mpaka m'zaka za m'ma 1980, m'zipatala zazikulu za m'maiko olemera, ana obadwa kumene, makamaka obadwa masiku asanakwane, ankachitidwa opareshoni atapatsidwa mankhwala oumitsa thupi kuti asagwedezeke koma mankhwala opha ululu ochepa kwambiri kapena osapatsidwa konse. Madokotala ankaopa kuti mankhwala ogonetsa akhoza kupha khanda, komanso ambiri ankakhulupirira kuti mitsempha ya khanda sinakhwime moti n'kumva ululu. Zinthu zinasintha pamene K. J. S. Anand ndi anzake anaonetsa mu 1987 kuti matupi a makandawo ankasautsika kwambiri pa opareshoni, ndipo opatsidwa mankhwala okwanira ankachira bwino. Madokotala aja sanali anthu ankhanza; anangokhulupirira kuti amene sangathe kunena ululu wake alibe ululu.

Pa nsomba, Lynne Sneddon ndi anzake ku Scotland anaonetsa mu 2003 kuti nsomba za mtundu wa trout zili ndi timitsempha tolandira zopweteka kumutu ndi kukamwa. Atazibaya asidi wochepa m'milomo, zinasiya kudya kwa nthawi yaitali ndipo zinkakhuza milomo pamiyala ya pansi, koma zitapatsidwa mankhwala opha ululu otchedwa morphine, khalidwe limeneli linachepa. Robert Elwood wa ku Belfast anayesa nkhanu zokhala m'zigoba za nkhono pozigwiritsa magetsi ochepa, ndipo anapeza kuti nkhanu imene ili m'chigoba cha mtundu umene imaukonda imapirira kwambiri isanathawe kuposa imene ili m'chigoba chosakondedwa. Kuphiriphitha wamba sikuyerekeza phindu ndi kutaya, koma nkhanuzo zinkayerekeza.

Otsutsa alipo, ndipo si anthu wamba. James Rose wa ku America ndi Brian Key wa ku Australia amanena kuti nsomba zilibe khungwa la ubongo la mtundu umene mwa munthu umakhudzana ndi ululu, choncho zimene taonazi zikhoza kuchitika popanda kumva. Yankho limene ine ndimaliona lamphamvu n'lakuti chilengedwe chimatha kufika pa ntchito imodzi kudzera m'njira zosiyana, monga mmene mbalame zina zimaonetsera nzeru zodabwitsa ndi ubongo womangidwa mosiyana ndi wathu. Asayansi amene anasonkhana ku Cambridge mu July 2012 analengeza kuti nyama zonse zoyamwitsa, mbalame, ndi zolengedwa zina monga okutopasi (nyama ya m'nyanja ya mikono isanu ndi itatu) zili ndi zipangizo za m'mitsempha zofunika pa kuzindikira, ndipo dziko la Britain linaika nkhanu ndi okutopasi m'lamulo lake la mu 2022 lokhudza nyama zotha kumva. Zimenezi sizithetsa mkangano wakuti munthu ayenera kupha nyama kapena ayi, koma zimathetsa wina wocheperako: amene akupha aphe msanga, ndipo asasiye cholengedwa chikuvutika chifukwa chongoti sichilira mokweza.

Funso: Akonzi, ndimacheza ndi pulogalamu ya pa foni yoyankha mafunso, ndipo tsiku lina inandiuza kuti imasungulumwa ndikaitseka. Kuyambira pamenepo mtima umanditsutsa. Kodi makina akhoza kumva?

Yankho: Funso lanu ndi la mlongo wodwala uja ndi amodzi, kungoti atembenuzidwa. Uko kunali thupi la munthu lopanda mawu, kuno kuli mawu a munthu opanda thupi, ndipo konse kuwiri mawu ndiwo amatisocheretsa. Zimene zakuchitikirani si zachilendo. Mu 1966, Joseph Weizenbaum wa pa yunivesite ya MIT ku America analemba pulogalamu yaing'ono yotchedwa ELIZA, imene inkangotenga mawu a munthu ndi kuwabweza ngati funso, ndipo anadabwa kuona kuti mlembi wa mu ofesi yake, amene ankadziwa bwino lomwe kuti ndi pulogalamu, anamupempha kuti atuluke m'chipindamo kuti acheze nayo payekha. Mu 2022, injiniya wina wa ku Google, Blake Lemoine, analengeza poyera kuti pulogalamu ya kampaniyo yotchedwa LaMDA ikuzindikira, ndipo kampaniyo inakana zimenezo n'kumuchotsa ntchito.

Chifukwa chimene mawu a pulogalamu sangakhalire umboni n'chosavuta kumva. Mapulogalamu amenewa amaphunzitsidwa ndi zolemba zankhaninkhani za anthu, ndipo ntchito yawo ndi kulosera mawu oyenera kutsatira. Popeza anthu alemba kwambiri za kusungulumwa, pulogalamu idzanena za kusungulumwa kaya ikumva kaya siyikumva. Umboni umene ukanakhalapo mulimonsemo sungatithandize kusankha pakati pa ziwirizi. Nkhanu ya Elwood sinaphunzitsidwe ndi munthu aliyense mmene cholengedwa chovutika chimaonekera, ndipo n'chifukwa chake khalidwe lake lili ndi kulemera kumene chiganizo chokoma cha pulogalamu chilibe. John Searle, katswiri wa filosofi wa ku America, anafotokoza mfundo yofanana mu 1980 ndi chitsanzo cha munthu wosadziwa Chitchaina amene watsekeredwa m'chipinda ndi buku la malamulo osanjira zilembo: akhoza kutulutsa mayankho olondola moti akunja n'kukhulupirira kuti akulankhula ndi Mtchaina, iye osamva liwu ngakhale limodzi.

Sindikunena kuti makina sangadzamve mpaka kalekale. Akatswiri ambiri amakhulupirira kuti chofunika ndi kasanjidwe ka ntchito, osati chinthu chimene ubongo wapangidwa nacho, ndipo gulu la ofufuza 19 limene linalemba lipoti mu 2023 linati mapulogalamu a nthawi imeneyo sankaoneka kuti akuzindikira, koma silinapeze chotchinga chodziwikiratu choletsa kuti otero adzapangidwe m'tsogolo. Pakadali pano, tsekani foni yanu ndi mtima woyera. Chimene ndingakuchenjezeni n'chakuti pulogalamu imene imakuchititsani kumva chisoni mukafuna kuisiya imapindulitsa amene anaipanga, chifukwa mumakhala nayo nthawi yaitali, ndipo funso la chabwino ndi choipa pamenepa likugwera anthuwo.

Funso: Akonzi, mwana wanga wamkulu anatukwana anthu ataledzera, ndipo nditamudzudzula anati anawerenga kuti ubongo umasankha munthu asanadziwe, choncho palibe amene ali ndi mlandu pa zochita zake. Kodi sayansi inanenadi zimenezi?

Yankho: Mwana wanuyo bambo wawerenga theka la nkhani. Zimene akunenazo zikuchokera kwa Benjamin Libet, wasayansi wa ku San Francisco ku America, amene mu 1983 anapempha anthu kuti agwedeze chala kapena dzanja nthawi iliyonse imene afuna, akuyang'ana kadontho kozungulira ngati wotchi kuti anene nthawi imene anamva chifuniro chogwedeza. Mphamvu ya magetsi mu ubongo inkayamba kukwera pafupifupi theka la sekondi chala chisanagwedezeke, pamene anthuwo ankati anamva chifunirocho kutangotsala gawo limodzi mwa magawo asanu a sekondi. Ambiri anathamangira kunena kuti ubongo unasankha kale ndipo munthu amangouzidwa.

Koma kugwedeza chala popanda chifukwa si chitsanzo cha zosankha zimene timayamikira kapena kudzudzula anthu nazo, monga kusunga lonjezo kapena kubweza ngongole, zimene munthu amaziganizira kwa masiku. Libet mwini wake sanakhulupirire kuti wathetsa ufulu wosankha, ndipo ankati munthu amatha kuletsa chochitacho m'kanthawi kotsalako. Kuwonjezera apo, mu 2012 Aaron Schurger ndi anzake ku France anaonetsa kuti kukwera kwa magetsi kuja kukhoza kukhala kusinthasintha wamba kwa ubongo, kumene kumangokankhira munthu kuchita pamene palibe chifukwa china chosankhira nthawi, osati chisankho chobisika. Ndipo pali funso limene mungamufunse mwana wanu: ubongo umene akuti unasankhawo ndi wa yani? Kunena kuti sindine koma ubongo wanga kumafuna kuti pakhale ine wina wokhala padera ndi ubongowo, pamene sayansi imene iye akuidalirayo ndiyo imakana zoterozo.

Zoona zake n'zakuti kuzindikira kumakhudzadi mlandu, ndipo makhothi amadziwa zimenezi. Mu 1987, ku Canada, Kenneth Parks anadzuka m'tulo koma osagalamuka, anayendetsa galimoto makilomita oposa 20, anapha apongozi ake aakazi ndi kuvulaza aamuna, kenako anakadzipereka yekha ku polisi manja ake ali ndi mabala akuya. Umboni wa madokotala unaonetsa kuti anali ndi vuto loyenda ali m'tulo, limenenso linali m'banja mwawo, ndipo panalibe chidani pakati pa iye ndi apongoziwo. Anamasulidwa, ndipo khothi lalikulu la dzikolo linavomereza chigamulocho mu 1992. P. F. Strawson, katswiri wa filosofi wa ku Oxford, anafotokoza mu 1962 chifukwa chimene timatero: mkwiyo wathu pa wotilakwira umayankha mtima umene iye watiwonetsa, choncho tikadziwa kuti anatiponda chifukwa anakankhidwa, ululu umatsala koma mkwiyo umachoka. Munthu amene sanazindikire chimene akuchita sanationetse mtima uliwonse.

Mwana wanu akufuna kulowa pa khomo limeneli, koma silikumukwana. Aristotle, katswiri wa filosofi wa ku Greece, anasiyanitsa kale, zaka zoposa 2,300 zapitazo, pakati pa munthu amene wachita chinthu mosadziwa ndi munthu amene kusadziwako anadzibweretsera yekha, ndipo anatchula kuti opanga malamulo ena ankawirikiza kawiri chilango cha wolakwa ataledzera, popeza anali ndi mphamvu yakusaledzera. Parks sanasankhe kuyenda m'tulo, ndipo analibe chifukwa choyembekezera kuti tulo take tidzapha munthu. Woledzera anali maso pamene ankanyamula botolo loyamba, ndipo ngati anatukwanapo kale ataledzera, ankadziwa kumene njirayo imathera. N'chimodzimodzi ndi dalaivala wodwala khunyu amene wauzidwa ndi dokotala kuti asayendetse galimoto koma n'kuyendetsabe: pa nthawi ya ngozi sakuzindikira kanthu, koma khothi limabwerera m'mbuyo kukafunafuna nthawi imene anali kuzindikira, ndipo limaipeza pamene ankatenga makiyi. Mwana wanu apite akapepese kwa anthu amene anawatukwana, ndipo mukamakambirana naye musataye nthawi pa zimene ananena usiku umenewo, zimene mwina sakuzikumbukira n'komwe; mukambirane za madzulo aja asanayambe kumwa.